ANA ATHU APHUNZIRE KUWERENGA NTHAKA IMENE AKUPONDAPO

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo adzavomereza kuti m'dziko muno mulibe malo ambiri okongola ngati amenewa. Minda ya tiyi idayala ngati mphasa pa zitunda ndi m'zigwa, mitengo ya bulugamu idaima m'malire mwake, ndipo nyengo ya chiperoni nkhungu imatsika mpaka kukhudza masamba. Tiyi adayamba kubzalidwa m'bomali m'chaka cha 1908 ku Bandanga, esiteti ya Satemwa idatsekulidwa mu 1923, ndipo kufikira lero mbewu imeneyi ili m'gulu la mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko lathu. Zimenezi mwana aliyense wa sukulu m'bomali amazidziwa, pakuti mayi ake kapena amalume ake amathyola tiyi.

Koma tiyeni timufunse mwana yemweyo funso lina. Nchifukwa ninji Thyolo ali pamwamba pozizira, pamene Chikwawa ndi Nsanje, maboma oyandikana naye, ali pansi potentha? Adakumba chigwa cha Shire ndani? Mwana amene adakhoza bwino jogalafe angathe kutchula phiri la Fuji la ku Japan ndi mng'alu wa San Andreas wa ku California, chifukwa adaziloweza pokonzekera mayeso. Koma za mng'alu umene uli kumunsi kwa boma lake lomwe sadamvepo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu sabata ino, ndipo tikuilozetsa kwa inu atsogoleri a Chipani a m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, pamodzi ndi inu ogwira ntchito m'Boma, makamaka a Unduna wa Zamaphunziro.

Munthu akaima ku Thekerani kapena ku Masambanjati nkuyang'ana kumadzulo, amaona dziko likutsetsereka mwadzidzidzi kulowera ku chigwa. Mtsetse umenewo sudadze mwangozi. Kumunsi kwake kuli mng'alu waukulu wa m'thanthwe umene akatswiri amautcha Thyolo Fault. Mbali ya kuchigwa idakhala ikutitimira, mbali ya kuminda ya tiyi nkutsala pamwamba. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku mayunivesite a Bristol ndi Cardiff, mogwirizana ndi anzawo a kuno kwathu a ku Geological Survey ndi ku Chancellor College, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo zosonyeza kuti mng'aluwu ndi wotalika pafupifupi makilomita 85, ndi wakale kwambiri, koma udadzukanso ndipo ngwamoyo. Mng'alu wamoyo ndi umene ungathe kusuntha nkubweretsa chivomezi. Anthu a m'boma la Thyolo, amene kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi oposa 700,000, amagona ndi kudzuka pafupi ndi chinthu chimenechi.

Kuti timvetse chimene chimang'amba nthaka, tiyerekeze ndi mphika. Chikamba cha dziko lapansi sichili chathunthu ayi. Chili ngati mphika wosweka umene mapale ake adakali ogundana. Pansi pa mapalewo pali miyala yotentha kwambiri imene imayenda pang'onopang'ono, ndipo mapale nawo amasuntha. Kwina amagundana nkukweza mapiri, monga m'mene India adagundira Asia nkutukula mapiri a Himalaya. Kwina amakhulana m'mbali. Kwinanso amatalikirana, pakati pake nkutitimira. Chiphunzitso chimenechi ndicho chimatchedwa plate tectonics. Malawi ali pamalo pamene mapale akutalikirana. Kumadzulo kuli phale lalikulu la Nubia, kum'mawa kuli laling'ono la Rovuma, ndipo pakati pake padatitimira nkupanga chigwa chachikulu chimene chidayambira ku Ethiopia, kudzera ku Kenya ndi ku Tanzania, mpaka kuno. Nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kumafika mamita 700, ili m'chigwa chimenechi, ndipo mtsinje wa Shire umatsata chigwa chomwecho. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota ndi mboni zake, chifukwa madziwo amatsika m'ming'alu, natenthedwa pansi, nkubwereranso kumtunda.

Kusunthako nkochepa zedi, milimita imodzi kapena awiri pa chaka, mwinanso kucheperapo. Chikhadabo cha munthu chimakula mofulumira kuposa pamenepo. Koma thanthwe silitambasuka ngati mphira. Limapirira zaka mazana kapena zikwi, kenaka limadumpha kamodzi, ndipo kudumphako ndiko chivomezi.

Wina adzafunsa kuti: kodi zimenezi adaziona ndani? Funsoli nlabwino, ndipo mwana wa sukulu ayenera kulimbikitsidwa kulifunsa. Pamene Alfred Wegener wa ku Germany adanena mu 1912 kuti maiko onse adali chinthu chimodzi asanapatukane, akatswiri anzake ambiri adamuseka. Mmodzi mwa ochepa amene adamuikira kumbuyo adali Alexander du Toit wa ku South Africa, amene adayerekeza miyala ya kwawo ndi ya ku South America napeza kuti ikufanana. Padapita zaka pafupifupi 50 kuti maganizowa avomerezedwe, m'zaka za m'ma 1960, akatswiri atayeza pansi pa nyanja zamchere. Umboni wina waukulu udali masamba ndi mafupa osanduka mwala. Masamba a mtengo wakale wotchedwa Glossopteris amapezeka m'miyala ya kummwera kwa Africa, ku India, ku Australia, ku South America ndiponso ku Antarctica kumene lero kuli madzi oundana okhaokha. Mtengo sungasambire kuoloka nyanja. Ngati udamera m'maiko onsewa, ndiye kuti maikowo adali olumikizana. Malasha amene amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi ku Moatize kwa anansi athu a ku Tete, ndiponso amene ali pansi ku Lengwe ndi ku Mwabvi m'chigwa cha Shire, ndi zotsalira za nkhalango za nthawi imeneyo. Mphunzitsi amene wagwira chibulumwa cha malasha m'manja wagwira umboni wa phunziro lonse.

Pa nkhani ya mafupa akale, ife a Malawi tili ndi chuma chimene maiko ambiri amachisirira. M'boma la Karonga, m'zaka za m'ma 1920, mudapezeka mafupa a chinyama chachikulu cha mtundu wa dinosaur, chakhosi lalitali, chodya masamba, chimene chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mu 1993 chidapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi, pokumbukira dziko lathu ndi Frank Dixey amene adali mkulu wa Geological Survey m'nthawi ya atsamunda. Mmodzi mwa akatswiri amene adapereka dzinalo ndi mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake adafotokozanso za kang'ona kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997 ndi za dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005. Ku Uraha, m'boma lomwelo, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza mu 1991 chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimene chili m'gulu la mafupa akale kwambiri a mtundu wathu. Chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus chidaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsekulidwa mu 2004. Kodi ndi atsikana angati a ku Luchenza kapena ku Makwasa amene adamvapo kuti mayi mnzawo wa dziko lino adatcha dzina dinosaur? Tikadawauza zimenezi, mwina ena a iwo sakadathawa sayansi.

Ku Thyolo kwenikweniko mafupa otere sapezeka, ndipo chifukwa chake nachonso ndi phunziro. Mafupa amasungika m'miyala yopangidwa ndi matope kapena mchenga umene udaunjikana m'madzi, monga ya ku Karonga. Miyala ya pansi pa minda ya tiyi ndi yakale kuposa pamenepo, ya zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo idaphikidwa ndi kufinyidwa pansi penipeni kotero kuti chilichonse chimene chidali m'menemo chidafafanizika. Miyala yomweyo itafumbutuka ndi mvula ya zaka zosawerengeka idasanduka dothi lofiira, lakuya ndi lowawasa, limene tiyi amakondwera nalo. Chotero ngakhale kapu ya tiyi ili ndi mbiri yake m'thanthwe.

Tsono ena adzati zonsezi nzokometsera chabe, nzofunika kwa ophunzira a ku yunivesite, osati kwa mwana wa wothyola tiyi. Amenewa tiwakumbutse masiku angapo. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwedeza Salima ndi maboma oyandikana nawo, chidapha anthu 9 ndipo anthu pafupifupi 50,000 adasowa pogona. Mu Disembala 2009 zivomezi zidatsatizana ku Karonga kwa masabata awiri, chachikulu chidafika pa 6.0, anthu 4 adamwalira ndipo nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'aluka. Zivomezi zimenezi, poyerekeza ndi za kumaiko ena, zidali zapakatikati. Muyeso wa chivomezi ukakwera ndi nambala imodzi, mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32, ndipo akatswiri amanena kuti mng'alu ukakhala wautali, chivomezi chimene ungabweretse chimakhalanso chachikulu. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndi wopitirira makilomita 100. Wa Thyolo tautchula kale. Palibe katswiri pa dziko lapansi amene angatchule tsiku la chivomezi, ndipo aliyense wonena kuti akulidziwa ngwabodza. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma chimene chimapha anthu pa chivomezi kawirikawiri ndi khoma, ndipo khoma timamanga tokha. Njerwa zomangidwa ndi dothi, khoma la njerwa imodzi, ngodya zosalukana bwino, nyumba yopanda lamba wa simenti pamwamba pa mazenera, ndizo zimayamba kugwa. Zivomezi za ku Karonga zitapita, Boma lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mmisiri wa mawa ali m'Sitandade 8 lero, ndipo malangizowo akadayenera kumupeza ali pa desiki.

Komabe ngozi imene yatilanda abale ochuluka m'maboma a kummwera si chivomezi. Ndi napolo. Makolo athu ankati napolo ndi chinjoka chimene chimakhala m'phiri, ndipo chikafuna kusamukira ku nyanja chimatsika ndi madzi, chikugumula zonse za m'njira yake. Tisafulumire kuwaseka makolowo. Iwo adaona bwino lomwe kuti chinthucho chimachokera kuphiri, chimadza ndi mkokomo, chimatsata khwawa, ndipo chikadutsa pamalo chimadzabweranso. Chimene adalibe ndi chifukwa chake. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la pamtsetse limakhuta madzi nkulemera, madzi ena amalowa pakati pa dothi ndi thanthwe la pansi, ndipo dothi lonselo limatereka nthawi imodzi. Likafika m'khwawa limatenga miyala ndi mitengo, nkusanduka phala lolemera lothamanga kuposa munthu.

Mu Disembala 1946 ku Zomba kudagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku awiri osakwana, ndipo napolo adatsika phiri, naononga midzi ndi milatho. Pa 10 Malichi 1991 adatsika phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo anthu pafupifupi 500 adataya miyoyo. Ngozi imeneyo ndiyo idachititsa kuti chaka chomwecho pakhazikitsidwe lamulo loyamba lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la magetsi la Kapichira, dziko nkukhala mumdima. Kenaka mu Malichi 2023 kudafika namondwe wa Freddy, amene adayenda masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Phiri la Soche lidagumukira anthu a ku Chilobwe, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu udakokoloka, ku Mulanje ndi ku Phalombe kudali maliro okhaokha, ndipo Thyolo adali m'gulu la maboma amene Boma lidalengeza kuti agweredwa tsoka. Omwalira ndi osowa adapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 adathawa m'nyumba zawo. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la ngozi zotere chaka chomwecho. Onani kuti malamulo onse awiri adadza maliro atachitika kale.

Pano pali chinthu chimene tifuna aphunzitsi achigwiritse. Munthu amene waphunzira kuwerenga fupa losanduka mwala, nkunena kuti pano padali nyanja kapena nkhalango, angathenso kuwerenga miyala ya m'munda mwa agogo ake. Kumunsi kwa mapiri athu, pakamwa pa makwawa, mumapezeka miyala ikuluikulu yokhala payokha pakati pa chimanga, ina yaikulu ngati nkhokwe. Miyala imeneyo sidamere pamenepo. Idabwera ndi napolo wakale, mwina agogo a agogo athu asanabadwe. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Malo otero amakopa anthu chifukwa ngosalala pang'ono, dothi lake nlachonde, ndipo madzi ali pafupi. Koma ndi njira ya napolo. Mwana wodziwa zimenezi adzazindikiranso zizindikiro zina: ming'alu yatsopano m'munda wa kumtunda, mitengo ndi mizati yopendekeka, kasupe wotumphuka pamene padalibe, mtsinje wodetsedwa ndi matope mwadzidzidzi, kapena madzi ake kuchepa mvula ili mkati, kusonyeza kuti kumtunda kwatsekeka. Pa nthawi yotero sathawira kumunsi motsata khwawa, amathawira m'mbali, pamalo okwera. Mwana mmodzi wodziwa izi angathe kudzutsa mudzi wonse usiku.

Tinene chilungamo pa nkhani ya mitengo. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene kale idali yowirira, idatha pafupifupi yonse, ndipo mitsetse yambiri yolowera ku chigwa ili mbee. Mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa liwiro la madzi, ndipo kubzala mitengo nkofunika kopambana. Koma mphunzitsi asauze ana kuti mitengo yokha ithetsa napolo, pakuti mu 1946 phiri la Zomba lidali ndi mitengo koma lidagumuka. Mvula ikapyola muyeso, mtsetse umagumuka ndi mitengo yake yomwe. Chimene chimapulumutsa nthawi imeneyo ndi kusapezeka panjira.

Apa tafika pa mfundo yowawa imene tonse timaidziwa. Anthu a ku Thyolo salima m'mapiri chifukwa chosamva. Malo ambiri abwino adatengedwa ndi maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu achuluka, ndipo banja limene lilibe pena pokhala limakwera phiri. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo idathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ambiri a iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupeza minda ku Mangochi, ku Machinga ndi kwina. Idathandiza ndithu, koma njala ya malo sidathe. Choncho mtsogoleri amene amangoima pa msonkhano nkulamula kuti anthu atsike m'phiri, osanena kumene atsikire, akungotaya malovu. Phunziro la nthaka silingagawe malo. Chimene lingachite ndi kuthandiza mfumu ndi mlangizi kusiyanitsa: pamtsetse womwewo pali pena poti munthu angalime atakonza migula ndi kubzala vetiva, pena poti angamange, ndi pena poti sayenera kugona ngakhale usiku umodzi m'nyengo ya dzinja. Eni maesiteti nawonso ali ndi mbali yawo. Iwo akhala akulemba kuchuluka kwa mvula tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, amadziwa kusunga nthaka pamtsetse, ndipo m'malire mwawo muli sukulu ndi nyumba za antchito. Kupempha kuti mabuku awo a mvula athandize sukulu zoyandikana nawo si kupempha chinthu chachikulu.

Tikudziwa kuti alipo aphunzitsi amene amadutsa mothamanga mutu wa mafupa akale ndi zaka mamiliyoni poopa kukangana ndi makolo pa za chipembedzo. Mkanganowo ngosafunika. Mphunzitsi aonetse mwala, afotokoze m'mene akatswiri amayezera zaka zake, ndipo za chikhulupiriro azisiyire makolo ndi abusa. Koma asadumphe mutuwo, chifukwa akaudumpha wadula muzu wa phunziro lonse: popanda kumvetsa kutalika kwa nthawi, mwana sangamvetse m'mene milimita imodzi pa chaka idakumbira nyanja. Ena amadandaula za ndalama. Zoona, si sukulu iliyonse ingatumize ana ku Karonga. Koma kupita ku khwawa la kuseri kwa sukulu sikulira basi, ndipo thireyi ya dothi, ndowa ya madzi ndi njerwa yoikira tsinde nzokwanira kusonyeza m'mene mtsetse umagumukira.

Chodabwitsa nchakuti nzeru zonsezi zili kale m'boma lomweli. Pa Ndata pali yunivesite ya MUST, imene idayamba kulandira ophunzira mu 2014, ndipo ili ndi sukulu ya za nyengo ndi za nthaka. Ku Zomba kuli Geological Survey ndi mapu ake. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene mabuku a ana athu amakonzedwa. Nthambi ya DoDMA ili ndi makomiti mpaka m'midzi. Chosowa ndi wolumikiza. Tikupempha a ku Domasi kuti mabuku akamakonzedwanso, chitsanzo choyamba cha mng'alu chikhale cha Thyolo kapena cha Karonga, California adze pambuyo. Tikupempha a MANEB kuti azifunsa za Michesi ndi Soche, pakuti tonse tikudziwa kuti chimene sichibwera pa mayeso sichiphunzitsidwa. Ndipo popeza ana ambiri safika ku sekondale, za napolo ndi za chivomezi ziyambire ku pulaimale, m'Chichewa chomveka. Ophunzira a ku Ndata angathe kutumizidwa kukacheza m'sukulu za m'bomali kamodzi pa teremu, atanyamula miyala m'zikwama.

Inu apampando a nthambi ndi a madera, simuyenera kudikira kalata yochokera ku Lilongwe. Khalani pansi ndi mphunzitsi wamkulu, a mfumu ndi mlangizi wa zaulimi. Ana a makalasi akuluakulu ayende ndi mphunzitsi wawo pamodzi ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu za m'mudzi zimene zikukumbukira kumene madzi adadutsa mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023. Ajambule mapu a dera lawo, asonyeze makwawa, miyala ikuluikulu yokhala payokha, nyumba zimene zili pakamwa pa khwawa, ndi malo okwera othawirako. Mapu amodzi apachikidwe m'kalasi, ena akhale kwa a mfumu, ena apite ku ofesi ya a DC pa boma. Mvula imayamba mu Novembala ndipo miyezi yoopsa ndi Januwale mpaka Malichi, choncho mapuwo afike kwa a DC sukulu zisanatsekere Khirisimasi.